Bambo a kunyumba sagona chibwerere ku Central African Republic, mwana naye walemba zoti watopa ndi moyo. Ndiyambire pati?

Wobisa dzina

A Admin, ndibiseni dzina chonde. Ndimakhala m'Chipata momwe muno ndipo ena pagulu pano timaonana pa Kapata Market.

Amuna anga anali msilikali. Anapita ku Birao ndi gulu la asilikali athu osungitsa mtendere a United Nations, panopa anapuma ntchito. Anabwera osavulala, ndalama zinabwera, nyumba tinafolera malata. Koma tulo analisiya komweko. Akangoti asinzeko amadzidzimuka thukuta lili kamukamu, nthawi zina akukuwa mayina a anthu omwe ine sindiwadziwa. Amadzuka kukayesa maloko, kubwerera, kukayesanso, kenako n'kukhala pampando moyang'ana kukhomo mpaka tambala woyamba. Kutchalitchi amakhala benchi la kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Pa Chaka Chatsopano ana a aneba ataphulitsa makombola, anadzigwetsa pansi m'khitchini n'kundikokera pansi inenso, mphika wa ndiwo uli m'manja. Mowa wawonjezeka, amati ndi wokhawo umawagonetsa. Kukiliniki ina anawapatsa mapilitsi a tulo, atatha zonse zinabwerera.

Izi ndakhala ndikupirira. Chandibweretsa pano ndi mwana. Woyamba wathu ali Giredi 12, mayeso ali pakhomo. Anali mwana wa mpira ndi phokoso. Tsopano amadzitsekera kuchipinda, nsima amangoitsina. Mayeso oyeserera sanakhoze ndipo bambo ake, ali chiledzerere, anamuuza mawu oti sindingalembe pano. Mlungu watha anapatsa mng'ono wake nsapato zake za mpira, zomwe sankalola munthu kuzigwira. Dzulo ndikuchapa yunifolomu ndinapeza kapepala m'thumba, analemba kuti pakhomo pano pangakhale mtendere iye atachokapo.

Ndimufunse mwachindunji? Apongozi anga akuti ukangotchula zodzipha ndiye wamupatsa nzeru. Nanga matenda a bambo akewa amachizika, kapena ndi mizimu ya kunkhondo monga akunenera kumudzi? Amene munadutsamo kapena munawerenga za kafukufuku wake, ndithandizeni.

NaBanda wa ku Mchini

Pepani amayi. Tikukuikani m'mapemphero. Abusa anu muwadziwitse lero lomwe.

Mphunzitsi wa uphungu, Katete

Amayi, za bambo zikhoza kudikira mawa, za mwana ndi za lero. Kudzipatula, kugawa zinthu zimene amazikonda, ndi kapepala kotero, zitatuzi zikakumana sitichedwa nazo. Mufunseni madzulo ano muli awiri, bambo ake palibe. Musazungulire. Nenani kuti, "Ndaona kapepala kaja mwanangu. Kodi ukuganiza zodzipha?" Akati inde, musakuwe, musayambe kumuwerengera ndalama zimene mwawononga pa sukulu yake. Khalani naye, amalize kulankhula, ndipo usiku uno asagone yekha.

Zimene akunena apongozi anu ndazimva kwa makolo ambiri, koma zinayesedwa kale. Mu 2005 Madelyn Gould ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa ana a sekondale oposa 2,000 ku New York. Ena anafunsidwa za maganizo odzipha, ena sanafunsidwe. Ofunsidwawo sanavutike mumtima kuposa anzawo, ndipo maganizo odzipha sanawonjezeke mwa iwo. Mwana amene akuganiza zimenezi waganiza kale, funso lanu likungomutsegulira pakamwa.

Palinso wina wa ku Ulaya, wotchedwa SEYLE, wa ana pafupifupi 11,000 m'mayiko 10, anaufalitsa mu 2015. Njira imene inagwira ntchito inali ya maola asanu okha m'kalasi, ana kuchita timasewero ndi kukambirana okha za nkhawa ndi mmene angathandizire mnzawo. Patatha chaka, oyesa kudzipha anachepa ndi theka poyerekeza ndi masukulu omwe sanachite zimenezi. Kuphunzitsa ife aphunzitsi kuzindikira zizindikiro, paokha, sikunaonetse kusintha kotero. Ana amauzana okhaokha zimene satiuza ife. Choncho mnzake wapamtima wa mwanayu musamuone ngati wongosokoneza kuwerenga, muitaneni abwere.

A Lifeline Childline Zambia, bungwe lopereka uphungu pafoni, ali ndi manambala aulere: 116 ya ana, 933 ya akulu.

Kamnyamata ka Lundazi Road

Ana a manje manje kufewa. Ife tinkakwapulidwa kunyumba ndi kusukulu komwe, tilipo mpaka lero. Akungofuna kuthawa mayeso uyo.

NaBanda wa ku Mchini

Iwe, amene sanakhalepo mpaka lero sangabwere pano kudzakuyankha. Khala chete ngati ulibe chonena.

Sajeni wopuma

Alamu, ndawerenga kawiri. Ine ndinali ku Sierra Leone mu 2000, chaka chija zigawenga za RUF zinagwira asilikali athu ambirimbiri. Mpando woyang'ana kukhomo uja ndimaudziwa. Ine changa chinali fungo. Munthu akawotcha matayala kapena zinyalala za pulasitiki, ndinkapezeka ndili kunja kwa mpanda osadziwa kuti ndatuluka nthawi yanji.

Zinthu ziwiri zofulumira. Akamalota, musawagwedeze kapena kuwaweramira, imani patali muwaitane dzina lawo mpaka atsegule maso, muwauze kuti ali kunyumba ku Chipata. Chachiwiri, musawauze kuti akudwala misala. Msilikali ukamuuza choncho watseka khomo. Ine amene anandikokera kwa mlangizi anali mnzanga wa m'gulu lomwelo, amene anangonena kuti, "Nanenso sindinkagona." Mkazi wanga ananena kwa zaka, sindinamve. Si kuti iye ankalakwa ayi, ife timangomvera amene anaponda pomwe tinaponda.

Kwa mlangizi ndinkafotokoza tsiku limodzi lomwelo mobwerezabwereza, kuyambira m'mawa mpaka madzulo ake. Masabata oyamba maloto anachita kunyanya, ndinatsala pang'ono kusiya. Lero ndimagona. Fungo lija limandinyansabe koma silindithamangitsa.

Za mizimu, kumudzi kwathu nakonso anandisambitsa mankhwala nditabwera. Sindinyoza, zinatonthoza amayi anga. Koma tulo silinabwere nazo.

Clinical officer wa matenda a maganizo

Zimene afotokoza a Sajeni ndi zomwe kafukufuku amasonyeza. Sindingapime munthu pa Facebook, koma zimene mwalembazo zikufanana kwambiri ndi PTSD, vuto la m'maganizo lobwera munthu akadutsa m'zoopsa, limene madokotala a ku America analilemba m'buku lawo mu 1980, asilikali obwera ku Vietnam atavutika nalo. Thupi limakhala likadali pa ulonda ngakhale nkhondo inatha. Munthu amathawa chilichonse chomukumbutsa, ndipo kuthawako ndi kumene kumasunga mantha, chifukwa ubongo supeza mpata wophunzira kuti choopsa chinadutsa.

N'chifukwa chake chithandizo chimene chili ndi umboni wochuluka ndi cholankhula, cholunjika pa chochitikacho. Njira ya Edna Foa, Prolonged Exposure, munthu amafotokoza chochitikacho mobwerezabwereza n'kuyamba pang'onopang'ono kufika malo omwe amawapewa. Ya Patricia Resick, Cognitive Processing Therapy, imakhala ya maulendo pafupifupi 12 ndipo imalimbana ndi maganizo ngati "ndikanapanda kutembenuka mnzanga sakanafa." Ku Uganda anayesa ina pa othawa nkhondo ndi pa ana omwe anali asilikali: amayala chingwe pansi kuimira moyo wa munthu, iye n'kumaika mwala pa chowawa chilichonse ndi duwa pa chosangalatsa, kenako amafotokoza mwala umodzi umodzi mpaka nkhani yonse italembedwa. Zili ngati kutsuka chilonda chotukusira, poyamba zimawawa kuposa kuchisiya.

Ndisakunamizeni kuti onse amachiriratu. Ofufuza ataunikanso mu 2015 zotsatira za asilikali a ku America, anapeza kuti ambiri ankapeza bwino, koma pafupifupi awiri mwa atatu ankakhalabe ndi zizindikiro zokwanira kutchedwa PTSD. Komabe munthu amene ankagona ola limodzi akayamba kugona maola asanu, pakhomo pamasintha. Mapilitsi a tulo a mtundu wa diazepam sachiza vutoli, amazolowereka, ndipo kuphatikiza ndi mowa ndi zoopsa. Mowawo asausiye mwadzidzidzi paokha ngati amamwa tsiku lililonse, akaonane ndi achipatala kaye.

Za mwana, ndigwirizana ndi aphunzitsi. Mawa m'mawa mupite naye ku Chipata Central Hospital mukafunse a matenda a maganizo. Akakuuzani usiku uno kuti wakonza kale mmene achitire, musadikire kucha. Mukapemphe kuti alembe naye pulani ya chitetezo. Ndi pepala limodzi, mwanayo amalemba ndi mawu ake: zizindikiro zoti zinthu zayamba kuipa, zimene angachite yekha kuti mtima utsike, kumene angapite, anthu oti awaimbire, ndi zoti zichotsedwe m'nyumba. Barbara Stanley ndi Gregory Brown ndi amene anaikonza, ndipo anaiyesa pa asilikali opuma omwe. Mu 2018 anapeza kuti amene analemba pulaniyi n'kumaimbiridwa foni pambuyo pake, zoyesa kudzipha zinali zochepa ndi 45 peresenti m'miyezi isanu ndi umodzi.

Mlangizi wa zaulimi, Chadiza

Pa zochotsa m'nyumbazo ndiwonjezere. Kuno kwathu pafupifupi khomo lililonse lili ndi mankhwala opopera thonje kapena ndiwo za kudimba, ena pansi pa bedi. Achotseni lero, akasungidwe kwa wachibale kutali, pamodzi ndi mapilitsi otsala. Maganizo amenewa nthawi zambiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi n'kutsika, ndiye chinthu chikakhala patali munthu amapulumuka. Ku Sri Lanka boma litaletsa mankhwala a m'munda oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti kuchokera mu 1995. Mavuto a anthu sanathe, chomwe chinachoka ndi poizoni wapafupi.

Tate wa anayi

Zonsezi ndi za ku America ndi ku Ulaya. Kuno ma psychologist ali kuti? Munthu achoke ku Chipata mpaka ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama ku Lusaka chifukwa cha maloto?

Clinical officer wa matenda a maganizo

Funso labwino, akatswiri ndi ochepadi. Koma zina mwa izi zinayesedwa ku Lusaka konkuno. Laura Murray wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America ndi anzake a m'Zambia anaphunzitsa alangizi wamba, osati madokotala, kuthandiza ana 257 omwe anakumana ndi zoopsa. Mu 2015 anafalitsa kuti zizindikiro zinatsika ndi pafupifupi 82 peresenti mwa othandizidwa, pamene mwa ana omwe sanalandire njirayi zinatsika ndi 21 peresenti. Gulu lomwelo linayesanso njira ya uphungu yotchedwa CETA pa mabanja 248 a m'makomboni a Lusaka momwe mwamuna ankamwa kwambiri ndiponso munali nkhanza, ndipo mu 2020 anaonetsa kuti mowa ndi nkhanza zonse zinachepa. Ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa uphungu agogo aakazi okhala pabenchi kunja kwa kiliniki. Chofunika ndi munthu wophunzitsidwa njirayo ndiponso woyang'aniridwa. Mukafika kuchipatala funsani mwachindunji ngati alipo wophunzitsidwa uphungu wa anthu okumana ndi zoopsa, musangolandira mapilitsi n'kubwerera.

Azakhali a ku Navutika

Amayi, mwanayu ali ndi amalume ake? Akakhaleko kaye masabata a mayesowa, apume phokoso la usiku. Ankhoswe nawonso adziwe. Inuyo mwanyamula awiri nokha, mudzagwa.

Wobisa dzina

Zikomo nonse. Ndamufunsa. Poyamba anakana, kenako analira n'kuvomera. Akuti usiku bambo ake akamakuwa iye amakhala maso, ndipo ankaganiza kuti akudwala chifukwa chowakhumudwitsa iyeyo. Tagona chipinda chimodzi, mankhwala a kudimba ndapereka kwa achimwene anga, ndipo m'mawa uno tinali kuchipatala. Atipatsa tsiku lobwereranso mlungu wamawa. Mawa akupita kwa amalume ake, sukulu azichokera kumeneko.

Bambo ake ndawaonetsa kapepala kaja ali bwinobwino osamwa. Sanayankhe, anatuluka, abwera madzulo. Za chipatala akuti sapita kukakhala pamzere ndi anthu owadziwa. A Sajeni, mungalole kulankhula nawo pafoni?

Sajeni wopuma

Ndilola alamu. Nambala ndasiya kwa a Admin. Muwauze kuti ndi wa ku Sierra Leone akufuna kuwapatsa moni, zina musanene. Loweruka ndikubwera m'tauni kudzagula fetereza, ngati avomera tikakumane.