Masabata asanu pa atachimenti, code sindinaikhudzepo

Wa_Chaka_Chachitatu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuphunzira za kompyuta ku yunivesite, ndipo panopa ndili pa atachimenti ya miyezi inayi pa kampani ina. M'kalata yofunsira malo ndinalemba kuti ndimadziwa Java ndi SQL, choncho ndinkayembekeza kuti andiika kwa olemba mapulogalamu. Koma ntchito yanga ndi kuchotsa mapepala okakamira mu printer, kusintha password za anthu oiwala, ndi kumangirira mitu ya RJ45 pa ma cable a netiweki. Logbook ikundichititsa manyazi, tsamba lililonse likufanana ndi linzake, pomwe aphunzitsi abwera kudzandiyendera mwezi wamawa. Chondiwawa kwambiri n'chakuti ma developer, olemba mapulogalamu aja, amakhala chipinda choyandikana ndi chathu, ndimawamva m'mawa uliwonse akukambirana ntchito yawo. Kodi ndipemphe kusukulu andisinthire malo, kapena ndipirire?

Mai_wa_Netiweki:
Achimwene, musathamangire kuchoka. Vuto la logbook yanu si ntchitoyo ayi, koma kalembedwe. Mukalemba kuti "ndinakonza intaneti" palibe chimene mwanena. Lembani kuti kompyuta inali ndi adiresi yoyamba ndi 169.254, mutaona choncho munadziwa kuti sinalandire adiresi kuchokera ku DHCP, imene imagawa ma adiresi pa netiweki, mutafufuza munapeza kuti cable inaduka mkati. Mphunzitsi akawerenga zimenezo amaona kuti mukuganiza. Ndipo ma cable mukumangawo, kodi mukudziwa chifukwa chake cable ya Cat6 sitiipitiritsa mamita 100? Ine ndinayambira pomwepo, mpaka lero ndi zimene zikundidyetsa.

Bambo_DBA:
Ine ndalandirapo ophunzira angapo pa timu yathu, ndiye ndikuuzeni za mbali inayo. Sikuti timakukanizani chifukwa cha kaduka. Ndili wophunzira ngati inuyo anandipatsa mwayi wolowa mu database yeniyeni ya makasitomala, ndipo tsiku lina ndinalemba lamulo la SQL la UPDATE n'kuiwala WHERE, yosankha mizere yoti isinthe. Mizere yonse ya table ija inasintha nthawi imodzi. Tinagona mu ofesi tikubwezeretsa kuchokera pa backup, ndipo nkhope ya amene anandikhulupirira uja sindidzaiiwala. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi BEGIN, ndione kuti mizere ingati yasintha, ndisanalembe COMMIT yotsimikiza kusinthako.

Ndiye mukamapita kwa mkulu wa ma developer musakanene kuti "mundipatseko code ndilembe". Kapempheni zinthu zosaopsa: chilolezo chongowerenga repository (mosungira code yawo), malo pa msonkhano wawo wam'mawa uja, ndi ka bug (cholakwika mu pulogalamu) kamodzi kakang'ono kamene aliyense akukazengereza. Timu iliyonse ili nato. Koma mupite mukudziwa Git (pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa code) bwinobwino, osati commit ndi push basi. Mudziwe kutsegula branch, kutumiza pull request, ndi kuthetsa merge conflict popanda kufufuta ntchito ya mnzanu. Ophunzira ambiri amene ndawalandira amadziwa kulemba pulogalamu yatsopano kuyambira poyamba, koma kuwerenga code ya zaka zambiri yolembedwa ndi anthu ena kumawagwetsa ulesi, chonsecho ntchito yathu yambiri ndi imeneyo.

China, password mukusintha tsiku ndi tsikuzo. Ngati zili mu Active Directory (mosungira ma akaunti pa netiweki ya Windows), lembani ka script, kapulogalamu kakang'ono ka PowerShell, kofupikitsa ntchitoyo, muwaonetse abwana anu musanakagwiritse ntchito. Munthu wotere ine ndimamuitana ndekha.

Nachisale_Dev:
Ndikugwirizana nawo a DBA, koma kupirira kuli ndi malire. Makampani ena amatenga ophunzira kuti apeze wowatumikira mwaulere, ine zinandichitikira. Lankhulani ndi abwana anu sabata ino, kenako muwalembere imelo kuti pakhale umboni. Pakatha masabata awiri popanda kusintha, dziwitsani amene amayang'anira atachimenti kusukulu kwanu. Mukadikira mpaka tsiku lodzakuyenderani, mudzapeza theka la nthawi latha kale.

Wa_Chaka_Chachitatu:
Zikomo nonse. Dzulo ndinalimba mtima n'kukagogoda chipinda chija. Andilola kuwerenga repository, ndipo Lolemba ndiyamba kukhala nawo pa msonkhano wam'mawa, masana ndizibwerera ku ma printer. Ka bug andipatsa n'ka fomu yomwe ikukana mayina okhala ndi apostrophe ngati Ng'oma. A DBA, ndikukayikira kuti SQL yake anailumikiza ndi zizindikiro za + m'malo mwa PreparedStatement, njira ya Java yotumizira dzinalo padera ndi SQL. Kodi ndikuganiza bwino?