"Bump into" ndi kugundana kapena?

Wa ku Chilenje: Abale ndithandizeni. Abwana andiuza kuti "I bumped into your brother" pa Cairo Road, ine mtima phaa kuganiza kuti awagunda ndi galimoto, kuimba foni achimwene ali bwinobwino akudya chimanga chootcha.

Wa ku Matero: Kkkk pepani amayi. Bump into ndi kukumana mwadzidzidzi basi osapangana, run into chimodzimodzi. Koma akati galimoto "ran into a wall" apo ndiye yaombadi khoma.

Wa ku Kamwala: Za kugwa ndiye zimandizunguza mutu ine. Fall for mtsikana ndi kumukonda, fall for bodza ndi kupusitsidwa ngati uja wagula foni pamsewu kufika kunyumba m'bokosi muli sopo. Fall out ndi kuyambana.

Wa ku Chilenje: Nanga alamu akuti ukwati "fell through"?

Wa ku Matero: Walephereka umenewo, chitenje sungani.