Mwana wanga amatupa akadya usipa, ndithandizeni

Abale, mwana wanga wa zaka 6 akadya usipa wouma thupi lonse limayabwa, khungu limatuluka tizotupa tofiira, milomo nayo imatupa. Dzulo usiku mpaka maso anachita kutsekeka. Chodabwitsa n'chakuti chambo chachiwisi amadya bwinobwino popanda vuto.

Apongozi akuti ndi mankhwala omwe ena amathira pa nsomba kuti zisafumbwe, koma ine ndikukayika, poti tonse timadya mbale imodzi ndipo ena sitimva kanthu. Piritoni amathandiza, komabe ndimaopa tsiku lina adzabanika kupuma tili kutali ndi chipatala.

Alipo amene anakumanapo ndi zotere? Kodi ndimuletse usipa wokha, kapena matemba ndi utaka womwe? Nanga kuchipatala amayeza bwanji? Kwathu kuno ndiwo zodalirika ndi zomwezi.