Bwalo la Tottenham lija linathandiza anthu akumeneko kapena linangowakankha?

Maule_wa_Ndirande:
Abale tandithandizeni, makamaka inu muli ku UK. Takangana ndi anzanga poonera mpira dzulo, nkhani yake ya bwalo la Spurs, timu ya Tottenham Hotspur. Mapulani anawatulutsa 2008 koma bwalo kudzatsegulidwa 2019, zaka zonsezi chinkavuta nchiyani poti ndalama timuyi ilinazo? Mnzanga wina akuti akukhonsolo ankafuna kangachepe nde amangochedwetsa dala, wina akuti anthu amderalo ndi amene amakana. Koma ine sizikundimvekera, akuti Tottenham ndi dera la anthu ovutika, nde munthu akubweretsereni chinthu cha mapaundi pafupifupi 1 biliyoni pakhomo panu inu nkumakana? Ife kuno Maule tinalonjezedwa sitediyamu ku Zingwangwa, Neba nayenso analonjezedwa yake, mpaka pano tikungodikira, akanati abwere ndi makina mawa palibe angalowe kukhoti. Malamulo ake a zomangamanga kumeneko amayenda bwanji?

GunnerMpakaKale:
Kkkkk amwene funso lanu ndi labwino koma mwasankha timu yolakwika. Anamanga nyumba yokongola iwowo koma kabati ya zikho inakhala mbee mpaka 2025. Zoti khonsolo imafuna kangachepe ayi sindikuvomereza, nafe a Arsenal tisanalowe mu Emirates 2006 anatiuza kuti malo a zinyalala omwe anali pa Ashburton Grove tiwamangire kwina kaye ndi ndalama zathu, ndipo Highbury, bwalo lathu lakale, sitinaloledwe kuigwetsa yonse poti East Stand ija ndi yotetezedwa ndi lamulo, nchifukwa chake pano ndi mafulati koma kumaso kwake kukadali komweko. Ndi mmene zimakhalira kumeneko basi.

Nangondo_N17:
Achimwene a ku Ndirande, ine ndimakhala komweko, ndimakwera basi pa High Road tsiku ndi tsiku popita kuntchito nde ndikuuzeni mmene ndimaidziwira nkhaniyi, mupirire nditalikitsa.

Choyamba kuno malo akhale ako, wagula ndi ndalama zako, sungangodzuka nkuyamba kuthira maziko. Umapereka mapulani kukhonsolo, kwa Spurs ndi khonsolo ya Haringey, ndipo iwo amamata zidziwitso kuti aliyense wokhala pafupi anene maganizo ake, nkhani za phokoso, magalimoto, nyumba zakale zomwe zigwetsedwe, ngakhale kuti chinyumbacho chitchinga dzuwa pawindo la ndani. Chikakhala chinthu chachikulu ngati bwalo meya wa London nayenso amayenera kuchiona, ndipo nduna ya boma ikafuna ikhoza kuitenga nkhaniyo kuti igamule yokha. Izi zokha zimadya miyezi.

Koma pamene pagona nkhani ndi pa chimene amachitchula kuti Section 106. Ndi mgwirizano woti khonsolo ikukupatsa chilolezo inde, koma poti chomanga chakocho chibweretsa chipwirikiti mderalo nawenso ulipirepo kanthu, ukonze misewu, uthandize za masukulu, ndipo ngati ukumanganso nyumba zogulitsa zina mwa izo zikhale zotsika mtengo kuti anthu wamba akwanitse. Si ziphuphu ayi, zimalembedwa poyera aliyense akhoza kuwerenga. Spurs itapatsidwa chilolezo mu 2010 inavomera zinthu za mapaundi pafupifupi 16 miliyoni, komanso pa nyumba 200 zomwe imafuna kumanga pambali pa bwalo theka zikhale zotsika mtengo.

Nde taonani zomwe zinachitika. Nthawi yomweyo a Daniel Levy, omwe anali tcheyamani wa timuyi, anayamba kunena kuti ndi zolipira zonsezi ntchitoyi siingatheke, nkukapikisana nawo zofuna kutenga bwalo la Olympics ku Stratford, kummawa kwa London uko, kutanthauza kuti timu ichoke ku Tottenham komwe yakhala pa White Hart Lane kuyambira 1899. Masapota ambiri anakwiya, a David Lammy omwe ndi MP wa derali anakana kwamtuwagalu. Bwalo la Olympics lija linapita kwa West Ham koma uthenga unali utafika kale, woti tikhoza kuchoka ife. Kenako mu August 2011 apolisi anawombera Mark Duggan, bambo wa mderalo, nkumupha, zipolowe zinayambira pa High Road pomwepa nkufalikira mizinda ina, mashopu kupsa, anthu ena nyumba zawo kupsa. Zitatero andale onse anafuna kuoneka kuti akuchitapo kanthu pa Tottenham, ndipo chinthu chachikulu chokhacho chomwe chinali pa tebulo chinali bwaloli. Mu February 2012 khonsolo inakhalanso pansi nkuchotsa pafupifupi zonse zija, 16 miliyoni ija inatsika osafika ndi theka la miliyoni lomwe, nyumba zotsika mtengo zija anazifufuta zonse, chiwerengero cha nyumba nkukwera kufika 285 zonse zogulitsa pa mtengo wa pamsika. Pamwamba pa apo meya wa nthawi imeneyo a Boris Johnson ndi khonsolo analonjeza mapaundi 27 miliyoni a boma okonzera misewu, mayendedwe ndi zina zozungulira bwalo.

Nde mnzanu uja akamati khonsolo imafinya timu mumuuze kuti watembenuza nkhani. Malamulo alipo inde ndipo papepala ndi okhwima, koma dera likakhala losauka khonsolo imakhala ilibe mphamvu pokambirana chifukwa palibe wina akubwera ndi ndalama, timu ikangoti tikupita aliyense amanjenjemera. Zili ngati landilodi amene nyumba yake ikudontha ndipo ali ndi tenanti mmodzi yekha wolipira bwino, lendi amatchula ndi tenantiyo.

Za kuchedwa nde zinali zambiri. China chachikulu chinali malo. Timu inagula mabizinesi ambiri ozungulira mmodzimmodzi koma kakampani kena ka banja, Archway Sheet Metal Works pa Paxton Road, kopanga zinthu za malata ndi zitsulo, kanakana kusamuka. Apa nde panabwera CPO, lamulo loti boma likhoza kukukakamiza kugulitsa malo ako nkukupatsa chipukuta misozi ngati likuona kuti ntchitoyo ndi yopindulira anthu onse. Nduna inavomereza mu 2014, eni ake anakamang'ala kukhoti lalikulu, nkugonja kumayambiriro kwa 2015. Chaka chomwecho timu inasinthanso mapulani kuti bwalo likule komanso kuti muzichitika masewera a NFL, mpira wa ku America uja, nde kunali kukapemphanso chilolezo china. Kumanga kwenikweniko nakonso kunachedwa, mukukumbuka mmene timuyi inakhalitsira ikusewerera magemu ake apakhomo ku Wembley.

Chikondi_COYS:
Asisi Nangondo mwafotokoza bwino koma mwapendekera mbali imodzi. Ine ndine wa Spurs sindibisa, ndipo White Hart Lane yakale ndinalowamo. Munthu amene anaona dera lija kale ndi pano sangati palibe chasintha. Siteshoni ya sitima ya White Hart Lane anaimanganso, pali supamaketi ya Sainsbury's yaikulu yomwe inatsegulidwa 2013 bwalo lisanayambe nkomwe, pali sukulu ya ana okonzekera ku yunivesite pa Lilywhite House pomwepo, achinyamata ambiri kuphatikizapo a kwathu amapeza maganyu a ukitcheni ndi ulonda tsiku la gemu. Bwalo lakale limalowa anthu 36,000 okha, pano oposa 62,000, ndipo si mpira wokha, kumabwera nkhonya, NFL, Beyoncé anaimbamo 2023. Anthu onsewa amadya, amamwa. Komanso tizinena zoona, timu ya mpira si boma, ntchito yomangira anthu nyumba ndi ya khonsolo. Akanachoka kupita ku Stratford bwenzi pano pali chiyani pamalopo?

Nangondo_N17:
Achimwene Chikondi sindikukana, siteshoni ndi yabwino ndithu ndipo za maganyu ndi zoona. Koma funsani kuti anthu 62,000 aja amadyera kuti. Bwalo lija analipanga dala kuti munthu alowe msanga ndipo atuluke mochedwa, mowa amafululira mkati momwemo, bala yake ndi yaitali kuyambira kona mpaka kona ya kugolo, zakudya zili mbwee. Wa kashopu ka tchipisi panja amapezako inde koma ndalama yeniyeni imathera mkati. Ndipo tsiku la gemu kapena konsati High Road amaitseka, mabasi amazungulira kwina, nde wokhala pompo amene sapita nawo ku mpira ndi amene amavutika, ndipo masiku a zochitika zosakhala mpira khonsolo inawaonjezera.

Tsono yang'anani tsidya lina la msewu, pa Love Lane. Amenewa ndi mafulati a khonsolo pafupifupi 300 omwe ali pakati pa siteshoni ndi bwalo, ndipo pulani ya High Road West ndi yoti agwetsedwe pamangidwe nyumba zatsopano zambirimbiri ndi bwalo loyendamo anthu kuchoka pa siteshoni kukafika ku sitediyamu. Okhalamo anavota 2021 ndipo ambiri anavomera, poti analonjezedwa nyumba zatsopano za khonsolo pamalo pomwepo, izi tisabise. Koma a mabizinesi ang'onoang'ono a pa Peacock Industrial Estate ndi mashopu a mumsewu, ena malowo ndi awoawo, iwo voti imeneyo sinawakhudze koma kusamuka kukuwakhudza. Ndipo gulu lomwe silitchulidwa nkomwe ndi ife ochita lendi kwa malandilodi wamba. Ife palibe amatifunsa, palibe chipukuta misozi, umangolandira kalata yoti lendi yakwera poti dera "latukuka". Anzanga angapo amene tinkapemphera nawo limodzi anasamukira kunja kwa London pa chifukwa chimenechi. Sindingati ndi bwalo lokha, lendi yakwera London yense, koma nyumba 100 zotsika mtengo zija zikanamangidwa bwenzi mabanja 100 ali pompano.

YNWA_Mzuzu:
Ndilowepo pang'ono ngakhale ndi za timu yanga yomwe. Ku Anfield zinali zoipa kuposa apa. Liverpool inakhala ikugula nyumba zozungulira bwalo mwakachetechete kuyambira zaka za m'ma 1990, misewu ngati Lothair Road, nkumazisiya zopanda anthu atakhoma malata m'mawindo. Nyumba ikakhala choncho neba wake mtengo umagwa, akuba ndi ootcha amabwera, nayenso amagulitsa nkuthawa. Nde mukamamva kuti "dera losauka likufunika chitukuko" muzifunsanso kuti linasauka bwanji, nthawi zina amene akubwera kudzalikonza ndi yemwe analiphwasula. Zaka zinatha akuti timanga latsopano ku Stanley Park, osamanga, anthu ali m'malere, mpaka eni atsopano anaganiza zongokulitsa pompo, Main Stand kutsegulidwa 2016.

Koma osati nthawi zonse timu imawina ayi. Everton imafuna kusamukira ku Kirkby limodzi ndi kampani ya masupamaketi ya Tesco, boma linakana 2009 atachita kafukufuku womva maganizo a anthu, chifukwa mashopu akewo anali aakulu kwambiri moti akanapha matauni oyandikana nawo. Anadzapeza chilolezo 2021 pa Bramley-Moore Dock, doko lakale lomwe limangokhala, koma chaka chomwecho UNESCO, bungwe la UN loona za chikhalidwe, inachotsa mzinda wa Liverpool pa mndandanda wa malo a mbiri yapadziko lonse, ndipo bwaloli linatchulidwa ngati chimodzi mwa zifukwa. Chelsea nayo inapeza chilolezo chomanganso bwalo lake 2017, Abramovich yemwe anali mwini timu nkuimitsa ntchito 2018, chilolezocho chinatha mphamvu 2020 poti chimakhala cha zaka zitatu usanayambe kumanga.

Maule_wa_Ndirande:
Eee koma ndaphunzira, zikomo nonse makamaka asisi Nangondo. Nde kuti mnzanga wa kangachepe uja ndikamuuza kuti amene anafinyidwa ndi khonsolo kkkk. Koma CPO imeneyo yandiopsa, zoona boma kulanda malo a munthu kupatsa timu yomwe ndi bizinesi ya anthu olemera? Ndimayesa zimenezi ndi za msewu kapena chipatala basi. Nanga Man U akuti akufuna la anthu 100,000 lija, nawonso adutsa momwemu?

Nangondo_N17:
Momwemo achimwene. Lamulo limalola ngati khonsolo yasonyeza kuti ntchitoyo itukula dera pa chuma ndi pa moyo wa anthu, nchifukwa chake simudzamva timu ikuti tikufuna bwalo lalikulu kuti tizigulitsa matikiti ambiri, nthawi zonse amati tikufuna kutukula dera, mawu amenewo ndi amene amatsegula zitseko za CPO ndi ndalama za boma. A United anaonetsa zithunzi zawo mu March 2025, zojambulidwa ndi kampani ya Norman Foster, mtengo akuti mapaundi 2 biliyoni, ndipo mwamva okha mmene akunenera za nyumba ndi ntchito masauzande ku Trafford. Koma zithunzi si chilolezo. Malo ena omwe ankawafuna mu 2025 kuseri kwa Old Trafford anali a kampani ya sitima zonyamula katundu, nde pa malo a eni ayenera kugwirizana mtengo kaye kapena apite njira ya CPO, kenako mapulani kukhonsolo ya Trafford, kenako Section 106 yawo. Inu mukadzamva kuti chilolezo chatuluka musathamangire kuona denga lake, mufufuze kuti nyumba zotsika mtengo alonjeza zingati, nkudzaonanso pakatha zaka ziwiri ngati nambalayo idakali yomweyo.

GunnerMpakaKale:
Man U iyambe yakonza denga lodontha lija kaye kkkk