Malaisensi a Copilot alowa pa GCC koma mu Word sakuoneka

Admin_wa_County
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndimagwira za IT ku boma la county ina kuno ku America, tenant yathu (akaunti ya bungwe lonse kwa Microsoft) ili pa Microsoft 365 GCC, mtundu wa Microsoft 365 wopangidwira maboma a ku America. Mabwana agula malaisensi a Microsoft 365 Copilot, wothandizira wa AI wa m'mapulogalamu a Office, kuti kagulu kochepa kayambe kuyesera: alembi a khonsolo, a finance ndi a ku ofesi ya maloya. Onse ali pa laisensi ya Microsoft 365 yotchedwa G3. Malaisensi ndawapatsa kudzera pa gulu la mu Entra ID (mmene timayang'anira maakaunti a antchito), ndipo admin center ikuonetsa kuti alowa bwinobwino. Pa browser Copilot akuyankha. Koma mu Word ndi Excel za pa laputopu kuli zii, batani lake palibe. Mu Outlook ena akumuona, ena ayi. Ndiye amene akumugwiritsa ntchito pa browser akudandaulanso kuti akamufunsa zinthu za pa intaneti sakuwapezera. Lachisanu ndikukaonetsa zimenezi kwa abwana. Ndiyambire pati?

Mkulu_wa_Exchange
Achimwene, tisanapite patali, ndi GCC wamba kapena GCC High? Ambiri amazisakaniza. Mukamalowa, adiresi ikutha ndi microsoftonline.com kapena microsoftonline.us? GCC wamba ndi imene maboma a state, ma county ndi mizinda amakhalapo kwambiri. GCC High ndi ya makampani ogwira ntchito za asilikali ndi nthambi zina za federal, ndipo DoD ndi ya unduna wa chitetezo wokha. Ndafunsa chifukwa zinthu sizifika nthawi imodzi m'malo atatuwa. Copilot anatuluka kwa makampani wamba mu November 2023, koma ku GCC anafika mu December 2024. Malangizo ambiri amene mukuwapeza pa intaneti analembedwera a makampani wamba, ndiye musamawatsatire mwachimbulimbuli.

Admin_wa_County
Ndi GCC wamba, akulu. Timalowera pa .com, SharePoint yathunso ndi sharepoint.com.

Chemwali_Intune
Ngati pa browser akugwira, laisensi ilibe mlandu. Vuto lili pa makinawo. Tengani laputopu imodzi, tsegulani Word, pitani pa File kenako Account, muwerenge zimene zalembedwa pafupi ndi About Word. Pamenepo muona channel, njira imene Office imalandirira zosintha. Maofesi ambiri a boma amakonda Semi-Annual Enterprise Channel poopa kuti zinthu zingamasinthe mwezi ndi mwezi, koma Copilot amafuna Current Channel kapena Monthly Enterprise Channel. Ine ndingasankhe Monthly Enterprise, chifukwa mumadziwiratu kuti zosintha zimabwera kamodzi pamwezi.

Muli pomwepo dinani Account Privacy, muone ngati connected experiences (mbali za Office zodalira intaneti) zili zotseka ndi uthenga woti bungwe lanu ndi limene likuziyang'anira. Policy yake ndi "Allow the use of connected experiences in Office that analyze content". Imeneyi ikazimitsidwa, Copilot saoneka mu Word, Excel ndi PowerPoint ngakhale laisensi ikhale yolipiridwa. Onaninso ngati Office yanu ili pa device-based licensing (laisensi ya kompyuta, osati ya munthu), chifukwa pamenepo Copilot sagwira.

Admin_wa_County
Achemwali mwalasa zonse ziwiri. Ndi Semi-Annual, ndipo connected experiences zonse n'zotuwa, sizikudinika. Ndafufuza, pali GPO (Group Policy, lamulo loikidwa pa makompyuta a Windows a bungwe) yakalekale imene a security anaika pa county yonse. Device-based licensing ili pa makompyuta a ku laibulale okha, sakukhudzidwa. Koma GPO imeneyi sindingaichotse ndekha, andidya wamoyo.

Chemwali_Intune
Musaichotse, ndipo musaikhudze n'komwe. Pitani pa config.office.com, pangani policy mu Cloud Policy yolunjika gulu la oyesera lokhalo, muyatse ya analyze content yokha. Cloud Policy imaposa mphamvu GPO zikasemphana, ndiye ena onse atsala mmene analili. Koma kalata ya a security ikhale m'manja musanadine Save, chifukwa ndi iwo anatseka, ayenera kudziwa kuti mwatsegulira ndani. Channel isintheni mu Intune (chida choyang'anira makina a bungwe) pa gulu la malaputopu awo. Zikatha, aliyense adine Update License pa File, Account, atseke mapulogalamu onse a Office n'kuwatsegulanso. Nthawi zina zimatenga mpaka tsiku lathunthu kuti batani lituluke, musayambe kugwetsa Office n'kuikanso.

Mkulu_wa_Exchange
Za Outlook zija ndikukayikira hybrid, kutanthauza kuti mailbox zina zili pa seva yanu, zina kwa Microsoft. Amene sakumuonawo, mailbox yawo ili kuti? Copilot amafuna kuti mailbox yeniyeni ya munthu ikhale pa Exchange Online. Ngati muli ndi seva ya Exchange m'nyumba, thamangitsani Get-RemoteMailbox pa mayina awo. Amene sabwera pamenepo koma akubwera pa Get-Mailbox ya m'nyumba, ndiye kuti sanasamuke.

Admin_wa_County
Ndi maloya aja. Mailbox zawo zinatsala pa seva ya m'nyumba chifukwa cha legal hold yakale (lamulo loti makalata asafufutidwe chifukwa cha mlandu). Ndawauza abwana kuti a ofesi imeneyo adikire kaye pa Outlook.

Wa_Firewall
Ndiponyepo yanga isanakupezeni. Batani likatuluka koma Copilot n'kumangozungulira osayankha muli mu ofesi, pomwe kunyumba akuyankha, ndi proxy imeneyo, chipata chimene intaneti ya mu ofesi imadutsira. Copilot amagwiritsa ntchito WebSocket (kulumikizana kosaduka) kupita ku *.cloud.microsoft ndi *.office.com, ndipo TLS inspection (proxy ikamasuzumira m'mauthenga otetezedwa) imakonda kuzidula. Auzeni a netiweki aike ma domain amenewa pa mndandanda wosafufuzidwa. Za intaneti zija n'zosavuta, yatsani "Allow web search in Copilot" mu Cloud Policy momwemo, anthu asiye kudandaula.

Mayi_Records
Pa WebSocket ndikugwirizana nanu achimwene, koma pa web search ayi, imani kaye. Ku GCC chinthu chimenecho chimabwera chozimitsa mwadala. Chikayatsidwa, Copilot amatenga funso la munthu, n'kupanga mawu ochepa ofufuzira, n'kuwatumiza ku Bing, ndipo Bing ili kunja kwa mpanda wa GCC. Satumiza fayilo yonse, zoona, koma mawu ochepawo amachokera m'zimene munthu walemba, ndipo nthawi zina m'chikalata chimene wachiloza. Tsono ganizirani county: ofesi ya sheriff ili pansi pa malamulo a CJIS a FBI oteteza marekodi a milandu, a child support amagwira zamisonkho za federal pansi pa IRS Publication 1075, a zaumoyo ali ndi HIPAA, lamulo loteteza zinsinsi za odwala. Kuyatsa kapena kusayatsa ndi chigamulo cha mkulu wa security ndi loya wa county, cholembedwa papepala. Admin asadzisenzetse yekha.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri palibe amene wachitchula. Mwathera tsiku pa batani, pomwe batani lituluka ndithu. Kodi likatuluka, Copilot akaona chiyani? Iye ali ngati mesenjala amene mwamupatsa makiyi anu: sathyola chitseko, amatsegula chokhacho chimene kiyi wanu amatsegula, koma amazungulira nyumba yonse m'kanthawi kochepa. M'maofesi a boma muli ma site a SharePoint a zaka zambiri amene wina anagawira "Everyone except external users" kuti ntchito iyende msanga tsiku limenelo. Palibe ankawapeza chifukwa palibe ankadziwa kuti alipo. Mlembi akangofunsa Copilot za malipiro kapena za madandaulo a antchito, amubweretsera zonse, ndi link yake yomwe.

Yesani izi lero, simufunikanso Copilot. Pangani akaunti yoyesera yokhala ndi ufulu wofanana ndi wa mlembi wamba, osaiika m'gulu lina lililonse. Lowani nayo pa SharePoint, mulembe m'bokosi lofufuzira mawu ngati salary, disciplinary, SSN, settlement. Chilichonse chimene chituluke pamenepo, Copilot achionanso.

Admin_wa_County
Mayi, ndayesa. Mtima wangoti phwii. Pa disciplinary yatuluka Excel ya a HR yokhala ndi mayina a anthu, milandu yawo ndi zilango zimene analandira. Ili pa site ya komiti ina imene inatha kalekale, ndipo pa Site permissions gulu la Everyone except external users lili mu Members, kutanthauza kuti aliyense akanatha ngakhale kuisintha. Pa settlement patuluka makalata a maloya. Ndalichotsa gululo pa site imeneyo pompano, ndipo a HR ndawadziwitsa.

Wa_Firewall
Eee, pamenepo ndagonja, web search idikire. Nanga Restricted SharePoint Search singathandize kuti Lachisanu lidutse?

Mayi_Records
Imathandiza pongogulira nthawi. Mumasankha ma site osapitirira 100 oti azioneka pofufuza, ena onse amabisika. Koma dziwani zinthu ziwiri. Imakhudza kufufuza kwa county yonse, osati oyesera okha, ndiye helpdesk ilira mafoni a anthu amene mafayilo awo asiya kutuluka. Ndipo sisintha ufulu wa munthu pa fayilo: amene ali ndi link atsegulabe, komanso mafayilo amene munthu anawatsegulapo kapena kutumiziridwa, Copilot amawaonabe. Pa kagulu kochepa chonchi ine ndingakonze ma site enieniwo, kuyambira a HR, finance ndi maloya, mwini site aliyense asaine kuti waona mndandanda wa amene ali ndi ufulu. Zikalata zovuta kwambiri muziike sensitivity label (chizindikiro cha chinsinsi) ya Purview, chida cha Microsoft choteteza zikalata, yokhala ndi encryption. Munthu akapanda ufulu wa EXTRACT (wokopera zam'kati) pa label imeneyo, Copilot samutengera zam'katimo.

China, poti ndi gawo langa. Zimene antchito alemba kwa Copilot ndi zimene iye wayankha zimasungidwa mu mailbox ya munthuyo, m'foda yobisika, ndipo eDiscovery (chida chofufuzira marekodi pa milandu) imazipeza. State iliyonse ili ndi lamulo lake la public records, ndiye mtolankhani kapena nzika ingathe kudzapempha zokambiranazo. Loya wanu anene ngati zili m'gulu la marekodi ndi kuti zisungidwe nthawi yaitali bwanji, inu muike retention policy yogwirizana ndi yankho lake. Oyeserawo auzidwe zimenezi poyera asanayambe. Munthu amalemba mosamala akadziwa kuti funso lake lingadzawerengedwe pa msonkhano wa khonsolo.

Mkulu_wa_Exchange
Mayi anena zoona. Achimwene, Lachisanu musakangoonetsa Copilot akulemba kalata. Kaonetseninso zotsatira za akaunti yoyesera ija, mayina mutawaphimba. Mabwana akaona ndi maso awo savuta kupereka nthawi yokonza.

Admin_wa_County
Ndabwera ndi lipoti. A security asaina, Cloud Policy yalowa, malaputopu a oyesera ali pa Monthly Enterprise, ndipo batani latuluka mu Word, Excel ndi PowerPoint. A netiweki achotsa ma domain aja pa TLS inspection, mu ofesi akuyankha bwino. Mu Excel ena anadandaula kuti batani ndi lotuwa, koma anali atatsegula mafayilo a pa shared drive yakale. Titawaika pa OneDrive n'kuyatsa AutoSave zinatheka. Web search yatsala yozimitsa mpaka loya ayankhe, ndipo funso la retention ndamutumizira limodzi. Abwana avomera kuti tisawonjezere munthu wina pa malaisensi tisanamalize ma site a HR, finance ndi maloya. Zikomo nonse. Funso lotsala: alembi akufuna Copilot azilemba chidule cha misonkhano ya pa Teams. Ndiyatse transcription?

Mayi_Records
Pa misonkhano ya antchito okhaokha mungathe, kudzera pa meeting policy ya gulu la oyesera. Transcript nayonso ndi rekodi, ndiye ilowe m'kalata yomwe mwatumiza kwa loya ija. Pa closed session (msonkhano wachinsinsi) ya khonsolo musayatse, ndipo mlembi wokonza msonkhanowo azimitse Copilot mu Meeting options asanatumize invite.