Atidula malipiro chifukwa cha mbale zosweka, ndikufuna kusiya Lachisanu

Nachisale: Anzanga a m'khitchini, ndithandizeni nzeru. Ndakhala ndikuphika pa lesitilanti ina kuno ku Area 47 kwa zaka 4. Chibwerere manijala watsopano, zinthu zasokonekera. Ndandanda wa mashifiti amatumiza pa WhatsApp 10 koloko usiku, kukacha wasinthanso. Ukalawirira akuti unayenera kubwera masana, ukabwera masana akuti wajomba. Tsiku lopuma limangodutsa tili pamoto, ovataimu osaiona. Mwezi watha watidula K15,000 aliyense, ati mbale zasweka ndipo nkhuku zasowa mufiriji, chonsecho makiyi a sitolo amasunga yekha m'thumba. Peyisilipi anasiya kupereka, ndalama zimangogwa pa foni. Paipi ya gasi ikutulutsa mpweya, tanena mpaka kutopa, iye wangoimanga ndi mphira wa chubu. Dzulo wanditchula mbuli pamaso pa makasitomala. Ndaganiza kuti Lachisanu ndikalandira ndisadzapondenso. Kodi chilipo chimene ndingapeze, kapena zaka zonsezi zangopita?

Yamikani: Chokaniko achemwali. Munthu wodziwa kuphika sasowa kolowera. Mudzafera chiyani pa khitchini ya eni?

Che Saidi: Yamikani, ukulankhula chifukwa sunayambe kulipira lendi ndi fizi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komanso eni malesitilanti a mu Lilongwe muno amadziwana, kuchokera ku Old Town mpaka ku City Centre foni ndi imodzi. Akangonena kuti uyu anathawa ntchito, basi. Achemwali, pirirani kaye mpaka mutapeza kwina.

A Gondwe: Mayi Nachisale, pepani ndi zimene mukukumana nazo. Ndinagwira mu hotelo mpaka kupuma, ndipo nthawi yaitali ndinali woimira anzanga mu yunioni. Choyamba ndi ichi: Lachisanu musasowe. Mukangosowa osanena, mwamupatsa manijalayo mlandu umene alibe panopa, chifukwa lamulo la Employment Act la 2000 limalola bwana kuchotsa munthu popanda notisi ngati wajomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Komanso inu amene mumalandira pamwezi mumayenera kupereka notisi ya mwezi umodzi. Koma sindikugwirizananso ndi a Che Saidi kuti mungopirira chete. Pa zimene mwalembazi, zambiri lamulo likuziletsa poyera.

Tiyambe ndi K15,000 ija, chifukwa ndi pamene iye wagwa kwambiri. Gawo 56 la lamuloli limati chilango chimene bwana angapereke ndi monga chenjezo lolemba, kuimitsa kaye ntchito kapena kutsitsa udindo, ndipo limakaniza kulipiritsa wantchito chindapusa. Limalola kudula ndalama zobwezera katundu amene wantchitoyo wawononga, inde. Koma ayenera kukhala katundu amene inuyo mwawononga. Kugawa mtengo wa nkhuku kwa khitchini yonse, osafufuza, osafunsa aliyense mbali yake, makiyi ali kwa iye mwini, chimenecho ndi chindapusa basi. Mufunseni molemba: mbale zingati, zinasweka liti, anaswa ndani, mtengo wake anaupeza bwanji.

Maola nawo ali ndi malire. Sabata ya ntchito isapitirire maola 48, ndipo wogwira masiku 6 pasabata tsiku lake ndi maola 8. Opitirira pamenepo ndi ovataimu, amalipidwa kamodzi ndi theka. Mukagwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ya boma, ndi kawiri. Tinene kuti ola lanu ndi K1,000: la ovataimu ndi K1,500, la pa tsiku lopuma ndi K2,000. Peyisilipi si chifundo cha bwana, lamulo limati malipiro aliwonse azibwera ndi pepala losonyeza zimene mwapata ndi zimene adula.

Nachisale: Zikomo bambo Gondwe. Nanga zonditukwanazo? Kunena zoona ndi zimene zandiwawa koposa ndalamazo. Ndine mayi wa ana, kunditchula mbuli atsikana amene ndinawaphunzitsa ndekha kudula anyezi akumva.

A Gondwe: Ndikumvetsa mayi, ndipo n'zosayenera. Koma ndikuuzeni mosabisa. Palibe gawo limene limati bwana azikhala waulemu kapena wadongosolo. Bwana wa mkamwa moipa, wosintha maganizo katatu patsiku, lamulo silimugwira msanga. Chimene chilipo ndi gawo 60: ngati khalidwe la bwana lafika poti n'kosatheka kuyembekezera kuti munthu apitirize ntchito, wantchito angathe kusiya popanda notisi, ndipo khoti limatenga ngati wachotsedwa mopanda chilungamo. Kusiyana kwake ndi kuno. Akakuchotsani iwo, amene ayenera kusonyeza chifukwa chomveka ndiponso kuti anakumverani mbali yanu ndi bwana. Mukasiya nokha pa gawo 60, woyenera kutsimikizira khoti ndinu. Ndiye adzakufunsani kuti munadandaula kwa ndani, liti, pepala lake lili kuti. Mukadzati tinkangonena pakamwa, manijala adzati sanamvepo. Chipongwe cha dzulo pachokha n'chopepuka pamaso pa khoti, koma chikakhala pamodzi ndi kudula malipiro, ovataimu yosalipidwa ndi gasi amene munalemba kalata osakonzedwa, nkhani imalemera.

Mayi a Chikondi: Ine ndimagwira za akawunti pa loji ina ku Area 43, ndiwonjezere za ndalama. Kumene asiya kupereka peyisilipi, kawirikawiri penshoni nayo yaima. Lamulo la penshoni limati bwana aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Imbirani kampani imene imasunga penshoni yanu, muwapatse nambala yanu akupatseni sitetimenti. Mukapeza kuti amakudulani koma satumiza, dandaulo lake limafika mpaka ku Reserve Bank, chifukwa ndiwo amayang'anira makampani a penshoni. Ndipo mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a malipiro anu musafufute. Pakalibe peyisilipi, umboni wanu ndi umenewo: mwezi uwu zinalowa zakuti, mwezi winawo zachepa ndi K15,000.

Yamikani: Zonsezi n'zabwino koma kukhoti nkhani zimatenga zaka. Munthu azidya chiyani akudikira? Ndipo akawina apeza zingati?

A Gondwe: Funso labwino, Yamikani, tiwerengere. Munthu wa zaka 4, khoti likapeza kuti anachotsedwa mopanda chilungamo, chipepeso sichingachepere malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse, ndiye masabata 4. Khoti lingathe kupereka zoposa pamenepo likaona mmene munthu wavutikira. Palinso severance allowance, ndalama yolandira ntchito ikatha, ya masabata 2 pa chaka kwa amene sanapitirire zaka 5, ndiye masabata 8. Chiyambire kusintha kwa lamulo mu 2010, ndalama imeneyi imaperekedwa pokhapokha ntchito yatha chifukwa chochepetsa antchito kapena mavuto a kampani, kapena munthu wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya mwakufuna kwake salandira. Amangotenga malipiro ake otsala ndi a masiku a tchuthi amene sanapite, ndipo bwana ayenera kupereka zimenezi pasanathe masiku 7. Si chuma chambiri ayi. N'chifukwa chake ine sindithamangitsira munthu kukhoti. Njira yoyamba ndi ku leba, ofesi ya zantchito ya boma la Lilongwe, ndipo safuna kuti uyambe wachotsedwa. Wantchito amene ali pantchito angathe kukadandaula za ovataimu kapena za kudulidwa, iwo amaitana bwana n'kukambirana. Mabwana ambiri akangoona kalata ya ku leba amabweza ndalama, chifukwa amadziwa kuti mabuku awo sali bwino. Zikakanika kumeneko ndi pamene nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la nkhani za ntchito. Chimodzi musaiwale nonse: ukachotsedwa ntchito, dandaulo ku leba lifike pasanathe miyezi 3.

Che Saidi: A Gondwe, zonse mwanenazi ndi zoona pa pepala. Koma tsiku limene kalata ya ku leba idzafike, mayiwa adzakhala chandamale. Adzawafunira chifukwa, mchere wachuluka, mpunga wapsa, mpaka awachotse.

A Gondwe: Zimachitika, sindikana. Koma gawo 57 limanena kuti kukadandaula za bwana wophwanya lamulo si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Akawachotsa sabata ziwiri pambuyo pa kalata ya ku leba, munthu wa zaka 4 wopanda chenjezo ngakhale limodzi, bwanayo ndiye adzavutike kufotokoza. Ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kalata yoyamba isainidwe ndi onse amene anadulidwa. Kuchotsa wophika mmodzi n'kosavuta, kuchotsa khitchini yonse Loweruka kuli ukwati sangayerekeze.

Tiyamike: Pepani ndilowerere. Ine ndine weyitala, ndinagwirapo malo ena kumene ndandanda inkasinthasintha chonchi, ndipo chinali chida. Mtsikana akakana manijala, amapatsidwa shifiti yoweruka 11 koloko usiku minibasi za ku Area 25 zitatha. Amayi Nachisale, afunseni atsikana anuwo paokha. Kuzunza munthu pofuna zogonana kotero ndi mlandu pa lamulo la Gender Equality Act la 2013, chilango chake K1 miliyoni ndi zaka 5 kundende, ndipo a Malawi Human Rights Commission amalandira madandaulo otere.

Nachisale: Tiyamike mwana wanga, wandikumbutsa chinthu. Pali mtsikana mmodzi amene shifiti ya usiku imangomugwera iye yekha. Ndilankhula naye mawa tikamasenda mbatata, tili awiri.

Bambo a Mphatso: Ine ndine shefu ku Kanengo, pa kantini ya fakitale ina. Mwakambirana za ndalama mokwanira, koma chimene chikundisowetsa mtendere ndi gasiyo. Paipi yomangidwa ndi mphira pafupi ndi mbaula zoyaka tsiku lonse si nkhani yodikira kalata. Mawa musanayatse, pakani thovu la sopo pa paipi ndi pa regyuleta, pamene pakutuluka mpweya pachita tinthubwinthubwi. Jambulani kavidiyo, mutumizireni manijala ndi mwini wake pa WhatsApp kuti tsiku ndi nthawi zioneke. Pakatuluka thovu, tsekani silinda, tsegulani mawindo, musayatse. Phikani pa makala panja ngati mpata ulipo. Lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pantchito limaika udindo wa malo otetezeka pa bwana, ndipo unduna wa zantchito uli ndi oyendera malo a ntchito.

A Gondwe: A shefu anena zoona, ndipo gawo 57 lomwelo likukutetezani: kuchoka pamalo amene mukukhulupirira ndi chifukwa chomveka kuti moyo kapena thanzi lanu lili pangozi yaikulu si chifukwa chokuchotserani ntchito kapena kukulangani. Kungoti musapite kunyumba. Khalani pamalopo, muwauze molemba kuti mwakonzeka kuphika paipi ikasinthidwa.

Nachisale: Ndamva. Lachisanu ndipita kuntchito. Usiku uno ndijambula ndandanda zonse za pa WhatsApp asanazifufute, ndigulenso kope lolembamo nthawi yolowa ndi yoweruka. Kalatayo ndilembere manijala kapena mwini wake? Mwini wake amabwera kamodzikamodzi, mwina sakudziwa n'komwe.

A Gondwe: Lemberani mwini wake, manijala mumupatse kope la kalatayo. Ikhale yaifupi ndi yaulemu: K15,000 ibwezedwe, ovataimu iwerengedwe, peyisilipi zibwerere, paipi isinthidwe, ndandanda izituluka sabata isanayambe. Za chipongwe cha dzulo ikani chiganizo chimodzi, tsiku lake ndi mawu amene ananena. Apatseni masiku 7 oti ayankhe. Mupange makope awiri, wolandira asaine ndi kulemba tsiku pa lanu. Akakana kusaina, jambulani kalatayo mutumize pa foni ya mwini wake. Mukailemba iponyeni muno tiione isanapite.

Mayi a Chikondi: Ndipo ponyaninso maola a mwezi watha monga mmene akuonekera pa ndandanda zija. Ndikuwerengerani ovataimu yake kuti m'kalatamo mulowe nambala yeniyeni.