Kodi telala ndi "blue-collar" kapena chiyani?

Akuluakulu, ndithandizeniko. Mtsikana wanga wa Fomu 3 wabwera ndi homuweki ya Chingerezi yokhudza mawu okuluwika a ntchito ndi zovala. "White-collar" tamvana kuti ndi a mu ofesi, a malaya oyera ndi tayi. "Blue-collar" ndi a ntchito zamanja ngati amakaniko, poti ovolosi yabuluu siionetsa girisi msanga. Tavutika pa "pink-collar", ntchito zomwe kale zinkadzadza amayi, monga unamwino ndi ulembi. Nanga namwino wamwamuna timuika pati? Nanga ine telala wa pakhonde, amene ndimasoka makolala a anthu tsiku lonse, yanga ndi yamtundu wanji? Aphunzitsi akufunanso chiganizo cha "wear many hats". Kope akapereka mawa m'mawa, chonde.